Anapiye M'nyumba, Mwana Kuseri

"Ndani watsegula windo ili?"

"Ndatsegula ndine. Musayang'ane mwana, yang'anani ine."

"Ndinanena kuti chiyani za mawindo m'nyumba muno? Ndinanena kuti chiyani, mayi a Kanjinga?"

"Munanena zambiri, bambo, inu pakamwa sipauma. Koma mwanayu sanagone. Wachezera kukhala tsonga, m'chifuwa mukulira ngati muli kamwana ka mphaka. Inu mkonono uli pakati. Ndiye ine ndimve zimenezo ndingokhala?"

Manijala anaima pakati pa balaza atanyamula anapiye akufa m'manja, timiyendo tili gwa. Kunja kunali kutangoyera. Dzina la Manijala anamupatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, chifukwa chiyambire kuweta nkhuku ankayenda ndi cholembera m'thumba la malaya, ndipo moni ankayankha ngati munthu amene akumudikira kumsonkhano. Iye dzinalo ankalikonda, osadziwa kuti oitanawo amaseka akangopotoloka.

Nyumba yake inali ya balaza ndi chipinda chimodzi chogona. Khoma lapakati silinkafika kudenga, ndipo siling'i munalibe. Pabalazapo mipando anaiunjika pakona, pansi n'kuwaza utuchi, n'kuzinga ndi makatoni. M'menemo ndi mmene munali anapiye, mbwee, kuzungulira mbaula ziwiri za makala zimene sizinkazima usana ndi usiku. Panja sakanawaika: kuli akuba, kuli amphaka, ndiponso inali nyengo yozizira. Choncho timabowo tonse ta mpweya anatitseka ndi nsanza, m'mphepete mwa mawindo anamata manyuzipepala, kunsi kwa chitseko n'kuikako saka.

"Taonani," anatero akusendeza anapiyewo kumaso kwa mkazi wake. "Taonani ntchito ya manja anu. Mwanapiye ndi khanda. Kamphepo pang'ono, wapita. Inu mwatsegula windo ngati tili kuhotela."

"Ndatsegula m'bandakucha, mwana atayamba kubanika. Ndipo anapiye anuwo anayamba kufa windo lisanatsegulidwe. Dzana lija mumataya chiyani kudzala? Kapena mukuyesa sindinakuoneni?"

Apa anamuponda pachilonda. Mkaziyo sanamupatse Manijala mpata.

"Achipatala aja anati chiyani mwezi watha? Anati mwanayu ali ndi mphumu. Anati utsi ayi, fumbi ayi, fungo lamphamvu ayi. Ndiye tayang'anani muno. Utsi ulipo. Fumbi lilipo. Fungo ndiye musachite kunena, munthu ukangolowa maso amayabwa. Zonse zimene anatiletsa mwazisonkhanitsa m'nyumba imodzi, n'kutsekera."

"Achipatala amauza aliyense zomwezo. Upite ndi bala la pamwendo, akuuza kuti upewe utsi. Ife tinakulira mu utsi, tafa? Mphumuyo ndi ya kwanu. Achimwene anu aja sapuma ngati pampu yakutha?"

"Ikhale ya kwathu, ikhale ya kwanu, mwanayo ndi wanu."

"Nanga ine ndikuvutikira ndani? Nkhukuzi ndikuwetera ndani? Zikangokula tigulitsa, timanga khola panja, nyumba muitenga yonse, muzitsegula ngakhale denga. Masabata ochepa okha. Mwalephera kupirira?"

"Ine ndipirira. Funsani chifuwacho ngati chipirire."

Kanjinga anali atakhala pakhomo la kuchipinda, atafunda bulangete mpaka m'makutu, maso akupita kwa bambo, akubwerera kwa mayi. Anali mwana wawo yekhayo, kamtsikana kochepa thupi kamene kanayamba sukulu chaka chatha. Dzinalo analitenga chifukwa sankadziwa kuyenda. Kumutuma kugolosale, liwiro. Kumuitana kuti adzadye, liwiro. Koma chibwerere anapiye, ankati akathamanga pang'ono n'kuima, manja pamawondo.

Ndiye anatsokomola. Chinali chifuwa chouma, chokoka, chosafuna kutha. Chitangoleka, mkati mwa makatoni mwanapiye wina anayetsemula kuti tsi! Wina n'kuyankha chakukona. Manijala anawerama. Anaona ena timaso tikuchucha madzi, ena atayasamula, akukoka mpweya movutikira. Anayang'ana anapiye, anayang'ana mwana, anayang'ananso anapiye. Nzeru imene inamufikira pamenepo ndi imene inawononga zonse, ndipo tsoka lake inafika ikuoneka ngati nzeru yeniyeni.

"Ohoo! Ndaona tsopano. Si windo lokha ayi. Chimfine cha mwanayu ndi chimene chikundithera anapiye."

"Mwati bwanji?"

"Tamverani nokha. Iye kho kho, iwo tsi tsi. Anayamba ndani? Si iyeyu? Akutsokomolera m'nyumba yotseka, tizilomboto tipita kuti? Tikudumpha khomali n'kugwera pa anapiye."

"Bambo a Kanjinga, muli bwinobwino m'mutumo? Mphumu ipatsire nkhuku?"

"Inu nkhuku mumaidziwira mumphika. Zisiyeni kwa ine izi."

Tinene zoona, Manijala sanali munthu wankhanza. Mwana wakeyo sanamumenyepo, ndipo pochokera kutauni sankafika chimanjamanja, m'thumba simunkasowa siwiti. Akanakhala wankhanza mwina zikanakhala bwino, pakuti mwana wa bambo wankhanza amavomera pamaso n'kukachita zake kuseri. Koma Kanjinga ankawakonda bambo ake kuposa tulo, ndipo chimene anena iwo sankachifunsa kawiri.

Manijala anaika pansi anapiye akufa aja, n'kunjuta pamaso pa mwanayo.

"Mwanangu, tamvera. Anapiyewa ndi ako. Nsapato zako zasukulu zichokera momwemu. Ukufuna afe onse?"

Mwanayo anapukusa mutu.

"Ndiye ukamva chifuwa chikubwera, uzituluka, ukatsokomolere kuseri. Ukamaliza uzibwera. M'nyumba muno ayi. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Ndiwe mwana wanzeru iwe."

"Panja pali chisanu chotere?" anafunsa mayi ake.

"Azivala juzi. Ndinamugulira yachiyani?"

Mkaziyo anaomba m'manja kamodzi, kuomba kwa munthu amene mawu amuthera. Dzuwa linali likukwera, ndipo mtolo wa zovala zimene ankagulitsa kumsika unali ukumudikira pakhonde. Pousenza anati, "Kopopera m'kamwa kaja katha. Tsiku limene sindipita kumsika ndipita naye kuchipatala, mufune musafune."

"Pitani, ndakuletsani ine?" anatero Manijala, akumatanso nyuzipepala pawindo lija.

Koma tsikulo lisanafike, m'nyumba muja munagwa bata lodabwitsa. Chifuwa chija chinangoti zii. Kukacha Manijala ankadzuka atagona tulo tosadukiza, n'kupeza mwana ali kale maso, atatsamira khoma, bulangete lili pakamwa.

"Mwamva, mayi a Kanjinga?" anafunsa tsiku lina akumwa tiyi pakhonde.

"Ndimve chiyani?"

"Ndi chimenecho. Palibe chomva. Chifuwa chija chili kuti? Ndinakuuzani ine, zina mwa izi ndi chizolowezi chabe. Mwana akadziwa kuti akatsokomola amayi amunyamula, amuthira madzi otentha, amusisita pamsana, asiyirenji? Pangofunika lamulo pang'ono."

"Koma sakudya bwino. Dzulo wasiya chakudya pakati."

"Ana onse amatero nthawi yozizira."

"Aphunzitsi ake akuti akumagona m'kalasi."

"Inuyo simunagonepo m'kalasi? Musandiseketse."

Mkaziyo anamuitana mwana uja, n'kumugwira pamphumi. Thupi silinali lotentha.

"Ukumva bwanji, mwanangu?"

"Bwino."

"M'chifuwamo?"

"Bwino, amayi."

Anamuyang'anitsitsa, mtima ukukana. Koma munthu wochokera kumsika miyendo itatupa, amene wakhala milungu osagona bwino, akamva mawu oti "bwino" amawalandira ndi manja awiri. Ulendo wa kuchipatala uja unasunthira sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo inasunthanso.

Zizindikiro zinalipo, zosabisika n'komwe. Kanjinga anasiya kuthamanga. Anayamba kulankhula mawu amodziamodzi, iye amene kale ankafotokoza za kusukulu mpaka munthu kupempha madzi. Ankasowa pafupipafupi, n'kubwera maso ali psuu, mapazi ali zii ndi mame. Manijala zonsezi ankaziona, pakuti maso anali nawo akuthwa. Munthu ameneyu ankatha kuima pamakatoni paja, pakati pa chigulu chonse cha anapiye ofanana, n'kuloza mmodzi kuti, "Uyo wagwetsa phiko, sali bwino." Ankamutola, kumuika m'katoni yakeyake, kumudonthezera mankhwala kukamwa, kumulankhula ngati munthu. Koma mwana wake akamadutsa mapewa ali m'mwamba, ankangoti, "Wongoka iwe, ukhala ndi linunda."

Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti anapiye sanaleke kufa. Kukacha, kudzala. Kukacha, kudzala. Anati mwina akuzizidwa, n'kuwonjezera makala. Anati mwina mphepo ikulowera kudenga, n'kukwera pampando kutseka ndi masaka mipata yonse ya pansi pa malata. Anagula mankhwala achikasu, anagula ofiira. Utuchi sanausinthe, poopa kuti akatsegula chitseko nthawi yaitali kutentha kuthawa, ndiye ankangowaza wouma pamwamba pa wonyowa. Anthu odutsa mumsewu anayamba kugwira mphuno.

Madzulo ena, mayi asanabwere kumsika, anamuitana mwana uja.

"Kanjinga, tabwera. Undiuze zoona, sindikukalipira. Sukumatsokomola mobisa muno ife tikagona?"

"Ayi, ababa."

"Nanga anapiyewa akuferanji? Lero afanso."

Mwanayo anayang'ana pansi. Anakoka mpweya, n'kuyankha motsitsa. "Mwina... pang'ono... chimapulumuka."

"Waona? Ndi pang'ono pomwepo. Tizilombo sitifuna khomo lalikulu. Uziyesetsa, mwanangu. Kwatsala pang'ono."

"Ndiyesetsa, ababa."

Anamupatsa siwiti. Mwanayo anailandira ndi manja awiri, n'kuisunga m'thumba osaidya. Manijala anabwerera kwa anapiye ake mtima uli m'malo, akudziyamikira kuti iye ana amadziwa kulankhula nawo.

Imfa za anapiye zitafika pomuwondetsa, anameza kunyada kwake n'kuitana mlangizi wa ziweto. Mlangiziyo anafika Loweruka m'mawa pa njinga yamoto. Anali mzimayi wamfupi, wa magalasi, wa mabuti a mphira, wosadziwa kuzungulira polankhula. Mayi a Kanjinga anali atapita kale kumsika.

"Takulandirani, alangizi," anatero Manijala akukonza cholembera chake m'thumba. "Mulowe msanga, titseke, kutentha kungathawe."

Mlangizi analowa phazi limodzi, n'kubwerera chafutambuyo akutsokomola, misozi ili mbwe kuseri kwa magalasi.

"Abale inu! Bambo, nkhukuzi mukuweta kapena mukuwamba?"

"Ndi kutentha kumene kumafunika, alangizi. Anapiye..."

"Tsegulani chitsekocho. Chisiyeni choncho. Windo ilo, tsegulani. Ilonso."

Sanadikire n'komwe. Analowa atatseka mphuno ndi mpango, n'kuyamba kukanganula manyuzipepala, kusolola nsanza m'timabowo, kukoka masaka. Manijala ankamutsatira pambuyo manja ali m'mwamba ngati munthu amene akumugwetsera nyumba.

"Afa onse, alangizi! Mphepo!"

"Akufa kale, bambo, ndipo si mphepo." Anapalasa utuchi ndi buti, pansi pake panatuluka chinyezi chakuda, fungo lake lolasa m'maso. "Mwaona izi? Zitosi zikanyowa n'kuunjikana zimatulutsa mpweya wowotcha. Mukuumva inu munthu wamkulu muli chiimire, nanga mwanapiye amene mphuno yake ili pomwepo? Ndiye onjezani makalawa. Makala amadya mpweya wabwino n'kusiya woipa, wina sununkha n'komwe. Onjezani fumbi la utuchi ndi la nthenga. Mwanapiye amafuna kutentha, inde, koma amafunanso kupuma. Inu mwamupatsa chimodzi n'kumulanda chinzake."

Manijala sanafune kugonja osaponyako mawu.

"Zimenezo mwina zikuthandizira. Koma gwero lake ndinalipeza kale ine. Ndi chimfine cha mwana wanga, ndi chimene chinawapatsira."

Mlangizi anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anavula magalasi, n'kuyang'ana khoma losafika kudenga lija.

"Mwana? Muno mumagona mwana?"

"Kuchipindako. Ali ndi ka mphumu, koma kanatha. Sakutsokomolanso."

"Mphumu sapatsirana, bambo, kaya kwa munthu kaya kwa nkhuku. Chimene chikupha anapiyewa ndi chomwecho chikumutsokomoletsa. Akupuma mpweya umodzi. Mwati kanatha, kanatha bwanji? Munachita chiyani?"

"Ndinangomuuza kuti... asamatsokomolere m'nyumba."

Mawuwo atatuluka, iye mwini anawamva koyamba mmene ankamvekera. Mlangizi anangofunsa kuti, "Ali kuti?"

"Kanjinga!" anaitana. "Kanjinga, iwe!"

Kuchipinda kunalibe. Pakhonde panalibe. Manijala anazungulira nyumba. Kuseri, pakati pa bafa ndi mpanda, panali kampata kopapatiza kumene dzuwa silinkafika. Iye anali asanasuzumireko chiyambire nyengo yozizira. Anapeza njerwa itaikidwa bwinobwino, udzu wozungulira utafota ndi kupondedwa, dothi lili see. Panjerwapo panakhala Kanjinga, wopanda nsapato, atagwira mawondo. Mapewa ankakwera ndi kutsika. Kadzenje ka pakhosi kankalowa mkati akamakoka mpweya. Milomo inali itatuwa ngati phulusa, ndipo kamphaka kaja ka m'chifuwa sikankamvekanso.

Atawaona bambo ake anakweza dzanja pang'ono.

"Ndi... kubwera," anatero.

Zimene zinachitika pambuyo pake Manijala sazikumbuka mwadongosolo. Akukumbuka kupepuka kwa mwanayo m'manja mwake, kupepuka kochititsa mantha. Akukumbuka mlangizi akukuwa kuti, "Musamugoneke! Akhale tsonga, mumugwire pakati pathu!" Akukumbuka msana wa mlangiziyo, hutala ikulira njira yonse, ndi mutu wa mwana ukugunda pachifuwa pake m'mabampu. Njinga imene inabwera chifukwa cha nkhuku ndi imene inamufikitsa mwana wake kuchipatala.

Anamwino anamulanda mwanayo pakhomo pomwe. Anamuika pabedi atamutsamiritsa, n'kumuveka chopumira kumaso chimene chinkatulutsa nthunzi. Namwino wamkulu, mayi wa imvi za m'mbali, ankafunsa mafunso manja ali pantchito.

"Wayamba liti kubanika chonchi?"

"Sindi... lero, kapena."

"Kapena? Usiku wagona bwanji?"

"Kunali chete."

"Mankhwala ake opopera anamaliza liti?"

Manijala anayasama. Akanamufunsa tsiku limene anapiye analandira katemera, akanayankha asanamalize kufunsa.

"Bambo," anatero namwinoyo osakweza mawu, "mwana wa mphumu akamalira m'chifuwa, ndiye kuti mpweya ukudutsako. Akangoti chete uku akubanika, si kuchira kumeneko, njira zatsala pang'ono kutsekeka. Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Dikirani panja."

Anakhala pabenchi la pakhonde, manja ali pakati pa miyendo. Mlangizi anamugwira paphewa, n'kupita osanena kanthu za anapiye. Anthu amene anakhala naye pabenchipo anayamba kusendera kutali mmodzimmodzi, ndipo ndi pamene anazindikira kuti zovala zake zikununkha khola.

Dzuwa litapendeka, mkazi wake anatulukira. Anansi anali atamuthamangira kumsika. Anali atadzera kunyumba kukatenga zofunika, chikwama kudzanja, bulangete la mwana paphewa. Anamudutsa ngati sakumudziwa, n'kulowa mkati. Anakhalitsa. Potuluka anadzakhala pabenchi lomwelo, koma osati pafupi.

Manijala anayembekeza mkuntho. Akanakonda atamutukwana, atamung'ambira malaya, anthu n'kudzaleretsa. Koma mkaziyo analankhula motsitsa, ndipo zimenezo zinapweteka koposa.

"Akuti apulumuka."

"Mulungu ndi wamkulu."

"Musamutchule Mulungu kaye. Gwirani ichi."

Anamuponyera bulangete lija pamiyendo. Ngodya yake imodzi inali yolimba ndi malovu ouma, ulusi utatafunidwa mpaka kubooka timabowo.

"Ndimati ndi makoswe nditaliona. Ndamufunsa mkatimo. Akuti usiku amaopa kutuluka, kuli mdima, ndiye chifuwa chikabwera amaluma pamenepo mpaka chidutse. Usiku uliwonse, bambo a Kanjinga. Ife tili gone pambali pake."

Manijala anagwira ngodyayo ndi zala.

"Sindinkadziwa."

"Simunkadziwa. Mwanapiye akayetsemula kuchipinda kwina mumadzuka. Mwaitanira nkhuku dokotala, mpaka wabwera pa njinga yamoto. Mwana wanu munamuitanira ndani?"

"Ndimayesa ndikuchitira iye yemweyo."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikusowa pokugwirani. Mukanakhala chidakwa bwenzi ndikuti ndi mowa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndipo musaganize kuti ndikudziyeretsa. Ine ndinamva ndi makutu angawa zimene ananena achipatala. Ndinadziwa kuti mukulakwitsa. Koma nditaona kuti kwati zii, ndinakondwa. Ndinati ndipumeko. Ndinagona tulo, mayi wake ine, mwana akutafuna bulangete. Chimenecho ndidzafa nacho."

"Anapiye ndichotsa lero lomwe. Onse. Nditsuka, ndipaka laimu, mawindo ndi..."

"Chotsani. Koma akatuluka muno sabwerera m'nyumba imene ija. Ndikupita naye kwa achemwali anga."

"Mpaka liti?"

"Musandifunse masiku. Inu munati masabata ochepa."

Manijala anachitadi zimene ananena. Anapiye otsala anawapereka kwa mnzake wina amene anali ndi khola lenileni, osakambirana zambiri. Utuchi anautulutsa ndi fosholo, n'kukaukwirira kutali. Anatsuka simenti mpaka manja kusupuka, anapaka laimu makoma, mbaula anazitaya kuseri. Mipando inabwerera m'malo mwake. Mphepo inkalowa windo ili n'kutulukira ilo, makatani akuuluka, nyumba yonse ili mbee, yabwino kwambiri, yopanda munthu. Anansi amene kale ankamuseka anayamba kumupatsa moni waulemu, ndipo iye anaona kuti kuseka kuja kunali bwino.

Masiku oyamba ankangofika pakhomo la wodi n'kusuzumira, mwana ali m'tulo, chopumira chili kumaso. Tsiku limene anamva kuti amuchotsa chopumira, anasamba kawiri, n'kuvala malaya amene anakhala padzuwa tsiku lonse. Anadzinunkhiza m'mikono asanalowe.

Kanjinga anali atakhala pabedi, milomo itabwerera mtundu wake. Mayi ake anali atapita kukachapa. Atawaona bambo ake nkhope inawala, ndipo zimenezo zinamulasa Manijala kuposa mawu onse a mkazi wake.

"Ababa!"

"Mwanangu. Ukupeza bwanji?"

"Bwino. Anandibaya apa, koma sindinalire. Ndipo mtsikana wa pabedi ilo ali ndi chidole chotseka maso. Akuti mawa tipita kwa amayi aakulu. Inunso mubwera?"

"Ndizibwera kudzakuona."

Mwanayo anayamba kusewera ndi mphepete mwa bulangete la chipatala.

"Anapiye aja afanso?"

"Ayi. Ali bwino. Ndinawapititsa kwina."

"Chifukwa cha ine?"

Manijala anakhala pamphepete pa bedi. Mawu amene anawakonza njira yonse anabalalika, anatsala ochepa okha.

"Kanjinga, tamvera bwino. Sunali iwe. Sunawadwalitse ndiwe anapiye aja. Unali utsi wa mbaula zanga, ndi fumbi, ndi kutseka kwanga kuja. Zomwezo ndi zimene zinakudwalitsa iwenso. Ndinalakwitsa ndine. Bambo ako ndinalakwitsa kwambiri."

Mwanayo anawayang'ana modabwa, ngati akumva chilankhulo chachilendo. Kenaka anamwetulira mowakomera mtima, mmene amachitira ana akaona kuti wamkulu akungofuna kuwasangalatsa.

Ali chomwecho, nkhope yake inasintha. Anatseka pakamwa mwamphamvu. Maso anathamangira kuchitseko, n'kupita kuwindo, n'kubwerera kwa bambo ake. Anayamba kutsitsa miyendo pabedi.

"Ukupita kuti?"

"Ababa," ananong'ona, mpweya ataugwira, "kuseri kwa kuno... ndi kuti?"

"Ayi, mwanangu. Ayi. Tsokomola pompano. Tsokomola mmene ungathere, aliyense amve. Lamulo lija latha. Ndakupempha, tsokomola."

"Chabwino, ababa."

Anabweza miyendo pabedi momvera. Kenaka anatembenukira kukhoma, anakoka ngodya ya bulangete, n'kuiluma. Timapewa take tinayamba kugwedezeka, kugwedezeka, popanda phokoso ngakhale pang'ono. Manijala anaika dzanja pamsana pake, ndipo chifuwa chonsecho anachimvera m'dzanjamo.